Mbewu kapena mbewa? Chilembo chimodzi chikudya phindu lanu

Malonda ambiri kuno kwa Kuntaja sakuyambiranso pabenchi, akuyambira pafoni. Mayi wophika zitumbuwa ku Chileka amaika chithunzi pa WhatsApp kusanache. Mnyamata wa hadiweya amatumiza mitengo ya simenti ndi malata kwa munthu amene ali ku Johannesburg koma akumanga nyumba kumudzi. Woweta nkhuku cha ku Lirangwe amalemba pa Facebook kuti zakula, bwerani mudzatenge. Wogula wotereyu saona nkhope yanu, sagwira katundu, samva mawu anu. Chimene ali nacho m'manja ndi zimene mwalembazo basi. Ndiye sabata ino tisiye kaye mitengo ya pamsika tikambe za kalembedwe, chifukwa pamenepa pakudontha ndalama ndipo eni ake sakudziwa.

Ndikudziwa kuti ena mwayankha kale chamumtima: "Ife tinabwera kudzagulitsa, osati kudzalemba mayeso a Fomu 4." Mbali ina mukunena zoona. Pabenchi, pamene wogula waima pamaso panu, kalembedwe kalibe mphamvu kwenikweni. Kakatoni kanu kakalembedwa mokhota, pakamwa pamakonza. Wogula afunsa, inu muyankha, munenerera, mwinanso muikapo ya basera, malonda atheka. Mandasi okoma amatha ngakhale chikwangwani chitalembedwa chadodolido. Koma pafoni palibe pakamwa pokonzera. Munthu akawerenga n'kusokonezeka, kapena akangokayika pang'ono, sakufunsani. Amatsetsereza chala n'kupita kwa mnzanu amene akugulitsa zomwezo. Simudzadziwa n'komwe kuti kasitomala anabwera n'kubwerera pakhomo.

Chichewa ndi chilankhulo choti chilembo chimodzi chimatembenuza nkhani yonse. Mvula ikayandikira, wina amalemba kuti: "Mbewa ya chimanga ilipo, yocha msanga." Amafuna kunena mbewu. Owerenga aseka, ajambula uthengawo n'kutumizirana m'magulu, ena afunsa ngati ndi zowamba kapena zaziwisi ngati zija amagulitsa anyamata m'mbali mwa msewu wa M1 anthu akakolola. Kuseka kulibe kanthu. Vuto ndi mlimi amene amafunadi mbewuyo. Mlimi wa masiku ano amagula mbewu ali ndi mantha, chifukwa nkhani za mbewu yachinyengo, chimanga wamba chopakidwa utoto, amazimva chaka ndi chaka. Akaona kuti wogulitsa sanasamale ngakhale dzina la katundu wake, mtima umamuuza kuti akagule kusitolo ya m'tauni, ngakhale alipire thiransipoti.

Kachilembo ka h nako n'kovuta. "Timatsegula mphaka 6 koloko madzulo." Mphaka ndi uja wogwira makoswe, inu mumafuna mpaka. Phala ndi chakudya, pala ndi kulamula munthu kuti apale moto kapena thabwa. Thumba limodzi lili ndi h, akachuluka ndi matumba, h uja amachoka, monganso khasu ndi makasu, khola ndi makola. Ndipo makola ndi a ziweto, makala ndi a pambaula. Kankhodolera kamene timaika pamwamba kaja nakonso si kokongoletsera. Mbale ndi yodyera nsima, m'bale ndi mwana wa mayi anu. Wogulitsa ziwiya akalemba kuti "tikugulitsa m'bale pamtengo wotsika" wadziika pa mlandu umene sanapalamule.

Izi ndi zoseketsa, ndipo nthawi zambiri wogula amazindikira chimene mumafuna kunena. Zimene zimadanitsa anthu ndi zina, zosaoneka msanga. Taonani mawu awiri awa: "Feteleza wafika" ndi "Feteleza afika." Oyambawo akunena kuti katundu ali m'shopu, bwerani ndi ndalama. Achiwiriwo akunena kuti galimoto ikadali m'njira. Kusiyana kwake ndi w mmodzi yekha. Munthu akwera kabaza kuchokera ku Chikuli, kulipira ulendo wobwera ndi wobwerera, n'kupeza shelefu yopanda kanthu chifukwa inu munalemba "wafika" pamene mumatanthauza kuti afika madzulo. Munthu ameneyo sakaona ngati munalakwitsa kulemba. Akanena kumudzi kuti ndinu wabodza.

Palinso pena pamene ngakhale mutalemba molondola, mawuwo amakhalabe ndi matanthauzo awiri. "Matumba afika." Polankhula, kakwezedwe ka mawu kamasiyanitsa ngati afika kale kapena afika nthawi ina. Polemba kakwezedweko sikaoneka. Ndiye wolemba malonda ayenera kuthandizira ndi liwu lina: afika kale, afika mawa, afika Lachinayi. Chimodzimodzi "timagulitsa nandolo" ndi "tikugulitsa nandolo." Oyambawo ndi ntchito yanu ya masiku onse, ngakhale lero mulibe. Achiwiriwo ndi lonjezo lakuti alipo panopa. Ambiri timangosakaniza, kenako timadabwa kasitomala akakwiya.

Zizindikiro zopumira nazo musazione ngati za aphunzitsi okha. Wina alemba katundu wake yense mumzere umodzi osapumira: "Tili ndi mafuta ophikira nkhuku zamoyo mazira sopo." Mafuta ophikira nkhuku zamoyo? Kampumiro kamodzi pakati pa "ophikira" ndi "nkhuku" kakanapulumutsa nkhukuzo. Njira yosavuta ndi kulemba chinthu chilichonse pamzere wake, mtengo wake pambali.

Pamitengo ndiye pamene pagona nkhani. K15 ndi makwacha 15. 15K, momwe achinyamata amalembera, ndi K15,000. Chilembo chomwecho, changosintha mbali. Ena amalemba K150,00 ndipo wowerenga sadziwa ngati ndi K150, K15,000 kapena K150,000 imene yasowa ziro mmodzi. Ena amalemba "15 pin", zimene mnyamata wa m'tauni amva koma agogo ake amene atumiza ndalamayo samva. Lembani nambala yonse, K kutsogolo, kampumiro pamalo pake, ndipo muwerenge maziro ndi chala. Kenako nenani muyeso. "Chimanga K15,000" sizikunena kanthu. Ndi ndowa, chigoba kapena thumba la makilogalamu 50? Ndowayo ndi yosefukira kapena yodula pakamwa? Pamsika zimenezi maso amaona okha. Pafoni muyenera kuzilemba.

Ikaninso tsiku. Chichokereni November 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, pambuyo pa kutsitsidwa kwina kwa 25 peresenti mu May 2022, tonse tikudziwa kuti mtengo sukhalitsa. Uthenga wa pa status ya WhatsApp umafufutika wokha pakatha maola 24, koma wa pa Facebook ndi wa m'magulu umakhalabe, ndipo chithunzi chimene munthu wajambula chimayenda miyezi. Mukalemba kuti "mtengo wa lero, 3 June," mwadziteteza kwa munthu amene adzabwere mu August atanyamula foni n'kumati munalemba nokha.

Ndipo musaganize kuti zolemba pafoni ndi macheza chabe. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza mauthenga a pa makina ngati umboni. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula amene akuona kuti anasocheretsedwa ndi mtengo kapena uthenga wotsatsa malonda. Sindikunena kuti mayi wa tomato akaiwala ziro ndiye kuti akagona kupolisi. Koma mukakangana ndi munthu pa katundu wa ndalama zambiri, malata kapena matumba a simenti, kaya kwa amfumu, kaya kwa wapampando wa msika, kaya kubwalo la milandu, chimene adzayang'ane ndi chimene chinalembedwa, osati chimene chinali mumtima mwanu.

Tsopano nkhani ya chikhulupiriro, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa zonsezi. Palibe mwini foni m'dziko muno amene sanalandirepo uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ena analandira wakuti mwapambana mphoto pa mpikisano umene sanalowe. Anthu aberedwa mokwanira moti tsopano aliyense amawerenga uthenga wopempha ndalama ali tcheru, ndipo chimodzi mwa zizindikiro zimene aphunzira kuyang'ana ndi kalembedwe kosalongosoka: zilembo zazikulu ndi zazing'ono zosakanikirana, mawu odukaduka, dzina losinthasintha. Inu ndinu wamalonda woona mtima, katundu muli naye, koma uthenga wanu ukavala malaya ofanana ndi a wakuba, wogula adzausiyanitsa bwanji? Kumbukirani kuti mukumupempha kuti atumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money asanaone katundu.

Ngakhale mabanki akuluakulu amagwiritsa ntchito diso lomweli. Mu February 2016 akuba a pa intaneti analowa m'makina a banki yaikulu ya dziko la Bangladesh n'kutumiza mauthenga ku Federal Reserve Bank ya ku New York olamula kuti ndalama zisamutsidwe. Ndalama zokwana madola 81 miliyoni zinapitadi ku Philippines. Koma madola ena 20 miliyoni, amene amapita ku bungwe lina la ku Sri Lanka, anaimitsidwa chifukwa akubawo analemba "fandation" m'malo mwa "foundation." Ogwira ntchito ku Deutsche Bank, kumene ndalamazo zimadzera, ataona liwu lolakwikalo anaima n'kufunsa. Chimene anachita a kubankiwo ndi chomwe amachita mlongo wanu amene ali ku Joni akalandira koteshoni ya malata yolembedwa mwachisawawa: amagwira kaye ndalama yake. Ku Britain, mkulu wina wochita malonda pa intaneti, Charles Duncombe, anauza BBC mu 2011 kuti pa tsamba la kampani yake liwu limodzi lolakwika limatha kudula malonda ndi theka. Awo anali mawerengero a shopu yake, sitinganene kuti ndi momwe zilili ku Lunzu, koma mtima wa wogula ndi umodzi kulikonse.

Abale athu a ku South Africa ndi makasitomala ofunika kwa a hadiweya, oumba njerwa, ogulitsa mchenga ndi akalipentala a kuno. Ndalama amaipeza movutikira, ndipo ambiri anamvapo kapena zinawachitikira kuti anatumiza ndalama zomangira nyumba koma pobwera anapeza maziko okha. Munthu wotere amawerenga koteshoni yanu kawiri katatu. Akapeza kuti pamwamba mwalemba malata 30, pansi mwawerengera 36, kapena simunanene kutalika kwake ndi geji yake, sakuimbirani kuti mukonze. Afunsa kwa wina.

Dzina nalo likhale limodzi. Pachikwangwani mwalemba Tiyanjane, pa Facebook Tiyanjani, palisiti Tiyanjane Investiments, ndipo potumiza ndalama pakutuluka dzina la mlamu wanu amene analembetsa simukhadiyo. Kwa inu zonsezi ndi shopu imodzi, kwa mlendo ndi anthu anayi. Ngati nambala yolandirira ndalama ili m'dzina la munthu wina, nenani pa uthenga womwewo kuti dzina limene lituluke ndi lakuti. Ndipo dzina lanu pa akaunti ya kubanki, pa satifiketi ya bizinesi, pa nambala ya msonkho ya MRA ndi pa chiphaso cha unzika lilembedwe mofanana chilembo ndi chilembo. Amene analandirapo ndalama kudzera ku Mukuru kapena kubanki akudziwa mmene zimavutira dzina likasiyana ndi la pachiphaso.

Ku Britain komweko chilembo chimodzi chinagwetsa kampani ya zaka zoposa 120. Mu 2009 ofesi ya boma yolembetsa makampani, Companies House, inalemba kuti kampani ya Taylor & Sons ya ku Cardiff ikutsekedwa, pamene imene imatsekedwa inali ina, Taylor & Son, yopanda s kumapeto. Anakonza patatha masiku atatu, koma mbiri inali itafika kale kwa opereka ngongole ndi makasitomala. Maoda anathetsedwa, kampani inagwa, anthu pafupifupi 250 ntchito inawathera. Mu 2015 khoti linagamula kuti ofesiyo ndiyo inalakwa, koma kampaniyo inali itapita kale.

Zolakwika zambiri zimene ndimaona m'zikwangwani za mumsewu wochokera pa Kameza kupita kubwalo la ndege la ku Chileka, ndi wina wopita ku Lunzu mpaka Lirangwe, zimabwera chifukwa chokakamira Chingerezi. Pali maganizo akuti bizinesi ikalembedwa m'Chingerezi ndiye kuti ndi yapamwamba. Zotsatira zake ndi mashopu a "stationary," liwu lotanthauza chinthu chongoima malo amodzi, pamene mwini wake akugulitsa makope ndi zolembera, zimene ndi "stationery." Mphunzitsi wamkulu amene akufuna woti azipereka makope pasukulu pake ndi munthu woyamba kuona cholakwika chimenecho. Bwanji osangolemba kuti "Makope, zolembera ndi mabuku"? Makasitomala anu ambiri amaganiza m'Chichewa, amawerengera ndalama m'Chichewa, amanenerera m'Chichewa. Chichewa cholembedwa bwino chimaposa Chingerezi chopunduka. Ngati mukufunadi Chingerezi chifukwa mukusaka maoda a m'maofesi kapena alendo otsika ndege, pezani wochidziwa akuonereni. Makina omasulira a pafoni, monga Google Translate imene inayamba Chichewa mu 2014, amathandiza kumva nkhani, koma musawakhulupirire kuti akulembereni malonda osawerenganso.

Ena amati Chichewa chilibe malamulo, aliyense amalemba mmene akumvera. Si zoona. Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, amene anakonzedwanso mu 1980 ndi 1990. Kuyambira 1996 ntchitoyi ili m'manja mwa Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba. Limodzi mwa malamulowo, limene ambiri tinaphunzira kupulayimale n'kuiwala, ndi la l ndi r: pambuyo pa i kapena e timalemba r, kwina konse l. N'chifukwa chake timalemba kugula koma kulipira, malata koma mchere, mbalame koma mazira. Maina a malo okha ali ndi khalidwe lawolawo. Lirangwe amatsata lamuloli, koma Chileka ndi Lilongwe salitsata, ndipo palibe amene angawasinthe lero. Lembani dzina la malo mmene lilili pa zikwangwani za msewu. Kunena zoona, l ndi r sasintha tanthauzo, ndipo palibe kasitomala amene anathawa chifukwa cha "mazila." Koma munthu akamafufuza pa Facebook kuti apeze ogulitsa nkhuku ku Lirangwe, inu munalemba Lilangwe, mwina sakupezani, chifukwa makinawa sachidziwa Chichewa mokwanira kuti aganize chimene mumafuna kunena.

Sindikufuna kuti wina achite manyazi n'kusiya kutsatsa malonda chifukwa sukulu anailekeza Sitandade 5. Ambiri mwa amalonda ochenjera kwambiri m'misika yathu sanapite patali ndi sukulu, ndipo masamu a pamutu amaposa ife a madipuloma. Chofunika si kudziwa malamulo onse. Mutu umodzi susenza denga: m'nyumba mwanu kapena kwa aneba muli mwana wa Fomu 2 amene angawerenge uthenga wanu musanautumize. Muuzeni awerenge mokweza, inu mukumvetsera. Khutu limagwira zimene diso ladumpha. Akafika pamtengo, anene yekha kuti ndi ndalama zingati ndipo ndi za muyeso wanji. Akanena zosiyana ndi zimene mumafuna, kasitomala nayenso akanamva zomwezo.

Cholakwika china si chanu, ndi cha foni. Mafoni ambiri amabwera atatcheredwa Chingerezi, ndiye mukalemba liwu la Chichewa amalisintha okha kuti lifanane ndi la Chingerezi limene akulidziwa. Pitani pamene mumasinthira za kiyibodi mukazimitse kudzikonzera kumeneko. Pa WhatsApp, kuyambira 2023, uthenga umene mwatumiza mungaukonze pasanathe mphindi 15: dinikizani pa uthengawo n'kusankha kukonza. Zikadutsa mphindizo, tumizani wina wonena poyera kuti mtengo wolondola ndi uwu, osangofufuta mwakachetechete, chifukwa amene anaona woyamba uja adzati mwakweza dala. Mukalemba uthenga umodzi wabwino, wokhala ndi dzina la shopu, malo, nthawi yotsegula ndi nambala, usungeni kuti muzingosintha katundu, mtengo ndi tsiku.

Zosindikiza ndi zopenta zimafuna kudekha koposa, chifukwa zilibe mphindi 15. Amene mukupanga chiponde, uchi kapena tsabola wa m'mabotolo, ndipo mukulakalaka chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards kuti katundu wanu alowe m'masitolo a ku Blantyre, pepala lomata pabotolo ndi limene amayamba kuona asanalawe n'komwe. Dzina la katundu, kulemera kwake, zimene mwaikamo ndi tsiku lothera mphamvu zikalakwika pa mapepala 1,000 amene mwasindikiza, ndalama imeneyo yapsa. Pemphani wosindikiza atulutse limodzi kaye, mupite nalo kunyumba, ligone, mudzaliwerenge mawa. Wopenta chikwangwani musamuuze pakamwa. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Mulembereni papepala, zilembo zazikulu, ndipo muimepo pamene akujambula ndi choko asanathire penti.

Pomwepo muonetsetse nambala ya foni. Nambala za TNM ndi Airtel zili ndi manambala 10 mukayambira pa ziro. Awerengeni mmodzimmodzi, kenako mubwereke foni ya mnzanu, muimbe nambala imene yalembedwa pakhomapo, osati imene ili m'mutu mwanu, muone ngati foni ya m'thumba mwanu ilira.